Yisiti ya Vuyiswa Inamera Lolemba

Ndakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuphikira yisiti chakudya m'labu ya a Prof Oosterwyk, ndipo palibe wophunzira amene anadutsa pamenepo osalawa lilime langa. Chubu chopanda dzina ndimataya, mwini wake alire asalire. Wolemba tsiku mokhotakhota ndimam'bweza kuti akalembenso. Ndikudziwa kuti kuseri amati Anti Lenie ndi mfiti, koma akafuna mbale zoti yisiti yawo imere bwino amabwera kwa mfiti yomweyo, mawu ali ofewa ngati si omwe aja. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti sindine munthu wogwira ntchito mwachisawawa.

Vuyiswa Ntlabati anabwera kwa ife ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Anali ataphunzitsa sayansi ku sekondale ina ya ku Cofimvaba zaka khumi ndi ziwiri, kenako anasiya, nati akufuna digiri ya PhD asanakalambe. Anzake a m'labu anali ana, ena oti akanatha kukhala m'kalasi mwake, ndipo ankamutcha Sisi. Ine ndinkangomutchula dzina, chifukwa sindinyengerera munthu. Chaka chomwe ndikunenachi chinali chake chachisanu ndi chimodzi, ndipo yunivesite inali itamulembera kalata yomaliza: buku lake la kafukufuku lifike pa 28 Novembala, apo ayi dzina lake lifufutidwa m'kaundula, zaka zonsezo zipite m'madzi.

Ntchito yake inali iyi. M'selo iliyonse ya yisiti muli timatumba totchedwa mitokondiriya, momwe chakudya chimapsera ndi mpweya kuti selo ipeze mphamvu. Ife timangoti ndi momwe yisiti imapumira. M'timatumbamo muli timakina topanga mapuloteni, maraibosomu, ndipo msana wa kamakina kalikonse ndi ulusi wautali wa RNA. Ulusiwo sugwira ntchito usanadindidwe. Pali maenzaimu amene amabwera kudzaika kachidindo pamalo ake enieni, ndipo mmodzi wodziwika bwino ndi Pet56. Chidindo chikasowa, kamakina sikalumikizika, ndipo yisiti imasiya kupuma. Pa shuga imakhalabe ndi moyo, chifukwa imangomusasitsa monga imachitira ndi mphesa za m'minda yatizungulirayi. Koma ukaiika pa gilisero, chakudya chosadyeka popanda kupuma, siimera.

Vuyiswa anatola jini ina, kachidutswa ka DNA ya yisiti, yomwe palibe ankadziwa ntchito yake. Itachotsedwa m'yisiti, chidindo cha Pet56 chinazilala, ndipo akapaka yisitiyo pa gilisero ndi kuiika m'kabati yofunda ya madigiri 37, mbale inkatsala pululu ngati sanapakepo kanthu. Anati ndiye kuti jiniyi imapanga mthandizi wa Pet56, womugwirira ulusi pamene akudinda. Anaipatsa dzina loti Mncedi, mthandizi m'chilankhulo cha kwawo. Zaka zisanu anayeza Mncedi kutsogolo ndi kumbuyo, pa yisiti imodzi yomweyo, yomwe inapangidwa mwezi wake woyamba. Panali tinthu tina tokana kugwirizana, monga kuti akabwezeramo jiniyo yisiti sinkachira. A Prof ankati zimachitika, jini yobwezera siikhazikika nthawi zonse, ndipo ntchito inkapitirira.

Lachisanu lina kumayambiriro kwa Okutobala tinali m'kachipinda ka tiyi, ine nditabweretsa timandasi totsekemera totchedwa makoesister. A Prof analowa ndi kabudula wawo wa masiku onse ndi sokosi zofika m'mawondo, pepala lili m'manja. Linali yankho la katswiri wina wa ku France amene anam'tumizira mitu itatu ya buku la Vuyiswa kuti aione lisanapite kwa oyesa.

"Akuti ntchito ndi yabwino," anatero a Prof. "Koma akufunsa chifukwa chake nkhani yonse yaima pa yisiti imodzi. Akuti tichotsenso jiniyo mwatsopano mwa Juffrou, tione ngati zituluke chimodzimodzi."

M'labu mwathu mitundu ya yisiti ili ndi manambala, koma iwiri ikuluikulu timaitchula mayina ngati anthu. Juffrou ndi amene ophunzira onse amayezerapo, waukhondo koma wamakani: ukafuna kumulowetsa DNA yatsopano amakana, nthawi zina mwezi wathunthu. Oupa ndi amene a Prof anabwera naye kuchokera ku Amereka kale kwambiri, atauma pa kapepala m'thumba la jekete. Oupa sakana. M'buku la mitundu onse awiri analembedwa mofanana, his3, kutanthauza kuti anadulidwa jini imodzi yomweyo, ndipo a Prof ankakonda kunena kuti ndi pachibale. Oupa ndinkasunga ndine, m'bokosi langa la m'firiji, ndipo ophunzira sankamugwira.

"Kwatsala milungu isanu ndi iwiri, Prof," anatero Vuyiswa. "Mfalansayo alibe ntchito ina kwawoko?"

"Lenie akupangira. Masiku khumi basi. Iwe pitiriza kulemba."

"Ndim'pangira akaphunzira kutsuka kapu yake," ndinatero ine.

"Anti, inu tsiku lomwe angelo adzabwere kudzakutengani, mudzawauza kuti ayambe apukuta mapazi."

"Ndidzawauzadi. Tadya koesister iwe, wauma ngati kachubu ka pipeti."

Tinaseka tonse, ndi a Prof omwe, amene amaseka kawiri pa chaka. Tsiku limenelo sindinaope chilichonse, ndikunena zoona.

Mankhwala a masiku ano ndi abwino kuposa akale, ndiye Juffrou analola ulendo woyamba womwewo. Ndinatsimikiza kuti jini ya Mncedi yachokadi. Lachisanu la sabata yotsatira ndinapaka yisiti yatsopanoyo pa gilisero, pambali pa yakale ija, mbale zitatu, ndi kuziika m'kabati ya 37. Lolemba ndinafika seveni koloko monga mwa masiku onse, mphepo ikuwombetsa mawindo. Ndinatulutsa mbale yoyamba ndi kuikwezera ku kuwala. Mbali ya yisiti yakale inali pululu, monga mwa nthawi zonse. Mbali ya yatsopano inali itamera, yonenepa, yonyezimira, yopanda vuto lililonse. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi.

Yisiti ziwiri zosowa jini imodzi yomweyo, ina ikufa, ina ikunenepa. Munthu wa ntchito yanga safunika kuuzidwa tanthauzo lake: chomwe chinkapha yakale ija sichinali kusowa kwa Mncedi. Ndinakhala pa stulu. Ndipo pamenepo ndinakumbukira Loweruka lina.

Mwezi wake woyamba, Vuyiswa anayesa kuchotsa jiniyo mwa Juffrou kanayi, ndipo kanayi konse mbale inatuluka yopanda kanthu. Tsiku lina ndinam'peza kuchimbudzi akusamba kumaso, maso ali psuu, akuti ndi fumbi. Mayi wamkulu, wosiya ntchito yake, ana akumuyang'ana ndi m'mbali mwa diso. Zinandikwiyitsa, sindikudziwa ngati ndinakwiyira iyeyo kapena Juffrou. Lachisanu ndinadzutsa Oupa m'firiji. Loweruka m'mawa ndinabwera ndekha, ndinagwira ntchitoyo ndi DNA yake yomweyo, ndinalemba dzina lake pa mbale, ndi kuisinthanitsa ndi yake yachisanu yomwe inali m'kabati. Yakeyo ndinaitaya. Lachiwiri anatulutsa mbale ili ndi timadontho khumi ndi tiwiri, ndipo anavina pakati pa mabenchi, akululutira, mpaka a Prof anatuluka mu ofesi kudzafunsa amene wavulala. Kenako analemba m'buku lake la ntchito kuti wachotsa jiniyo mwa Juffrou, ndi manja ake.

Sikanali koyamba kuchita zotere. Ndinali nditachitira ophunzira ena anayi m'mbuyomo, onse anatenga madigiri awo, ndipo mmodzi ndi pulofesa tsopano. Pa shuga, pa madigiri 30, pomwe ine ndimagwirira ntchito yanga, Oupa ndi Juffrou sungawasiyanitse. Ndinkaona ngati ndikuthandiza, ndipo ndinkanyada nazo mumtima, kuti mfiti ija ili ndi chifundo chomwe sadzachidziwa.

Ndipo popeza ndine Lenie, ndinalemba. Ndinapita ku kabati ya kumbuyo, kuseri kwa mabotolo akale, ndi kutulutsa buku langa la chaka chimenecho. Sindinavutike kufunafuna. Panali tsiku, ndi mawu akuti: Oupa m'malo mwa Juffrou, ya Vuyiswa, asadziwe. Dzanja langa, loongoka bwino, loti mwana wa sitandade wani akhoza kuwerenga. Ndinatseka bukulo ndi kuliika m'chikwama changa, pansi pa bokosi la chakudya.

Mbale zija ndikanatha kuzitaya. Ndinaganizapo, sindikana. Ndikanapaka yisiti yakale mbali zonse ziwiri, Lachinayi mbale zikanatuluka pululu, Mfalansa akanakhutira, Vuyiswa akanavala mkanjo wofiira wa PhD. Koma manja anga sanazolowere kunamiza mbale. Ndinaziyala pa benchi yake, zitatu mondondozana.

Anafika naini koloko, mpango uli m'mutu chifukwa cha mphepo.

"Mwadzuka bwanji, Anti? Nkhope yakwinyika chonchi bwanji, Juffrou wakutukwanani?"

Ndinaloza mbale. Ananyamula imodzi, anaitembenuza kuwerenga zolemba za pansi, anaitembenuzanso. 

"Mwasokoneza mbali."

"Sindisokoneza mbali."

"Ndiye mwalowa yisiti ina. Zimachitika, Anti, ngakhale kwa inu."

"Ndapaka zitatu. Zonse zili chonchi."

Anaona yachiwiri, anaona yachitatu. Anaziika pansi mosamala, ngati zingasweke, ngakhale ndi zapulasitiki.

"Zaka zisanu, Anti," anatero. Sanalire. Anavula mpango, anaupinda, anapita kukagogoda kwa a Prof.

A Prof anatenga masiku atatu akuyeza DNA ya yisiti yakale ija okha, chinthu chomwe anali asanachite ndi manja awo kwa zaka khumi. Lachinayi anatiitana tonse awiri mu ofesi. Ankaoneka okalamba, ndipo sokosi imodzi inali itatsikira ku akakolo.

"Yisiti yako si mwana wa Juffrou," anauza Vuyiswa. "Ndi mwana wa Oupa."

"Prof, Oupa sindinam'gwirepo ine."

"Ndimvetsere. Amene anadula his3 mwa Oupa anadula mopitirira, analima mpaka m'munda wa mnansi. Ndipo mnansi wa his3 ndi Pet56 yemweyo. Anam'dulira mbali ya poyatsira, ndiye Oupa amapanga Pet56 wochepa. Pa shuga sungaone. Pa gilisero, pa 37, amakomoka. Zinalembedwa kalekale zimenezi, n'chifukwa chake Oupa sitimugwiritsa ntchito pa nkhani za kupuma. Chomwe wakhala ukuyeza zaka zonsezi ndi chilema cha Oupa. Mncedi sathandiza aliyense."

Mwina anandiuzapo zimenezi kale, ine ndikutsuka mabotolo. Mwina sanandiuze. M'buku la mitundu analembamo okha his3 pawiri ponse, osawonjeza kanthu, ndipo ndinafuna kuwakumbutsa zimenezo mokweza. Sindinatero, chifukwa akanandifunsa kuti zikundikhudza bwanji.

"Pali khomo limodzi," anapitiriza a Prof. "Komiti imawonjezera chaka ngati cholakwa ndi cha labu, osati cha wophunzira. Ndi chaka chimodzi ukhoza kulemba buku lina, laling'onopo. Njira yako yoyezera chidindo ndi yabwino, ndipo imeneyo payokha ndi theka la digiri. Koma buku lako la ntchito likuti yisitiyi unapanga wekha. Ngati unatola chubu cholakwika, mlandu ndi wako, ndipo sadzamva. Akhala pa 14 Novembala." Kenako anatembenukira kwa ine. "Lenie, Oupa anatuluka bwanji m'bokosi lako?"

Chikwama changa chinali m'kachipinda ka tiyi, masitepe khumi kuchokera pomwe ndinakhala.

"Zaka zisanu ndi zambiri, Prof," ndinatero. "Ndipo bokosilo lilibe loko."

Palibe bodza m'mawu amenewo, ndipo n'chifukwa chake amandinyansa mpaka lero. Vuyiswa anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana manja ake.

Mukufuna kudziwa chifukwa chake. Ndinadzipatsa zifukwa zambiri, ndipo zina zinali zoona. Ndikanatsegula bukulo pamaso pa komiti, akanafuna ndi mabuku ena onse, ndipo akanapeza anayi aja. Mapepala awo akanafukulidwa, mayina awo akanadetsedwa, anthu osalakwa okhala ndi ana ndi maudindo. A Prof, amene anali pafupi kupuma pa ntchito mu Malichi pamodzi ndi ine, akanachoka ndi manyazi. Zonsezo ndinaziwerenga pa zala ndili m'minibasi, m'mawa ndi madzulo. Koma pansi pa zonsezo panali chinthu chimodzi chaching'ono ndi chonyansa. Sindinkafuna kuti ana amene ndinawatayira machubu, amene ndinawaliza chifukwa cha tsiku lolembedwa molakwika, amve kuti Anti Lenie ndi amene anasintha mbale ya munthu mobisa. Ndinkaopa kusekedwa. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndinkaopa kusekedwa ndi ana.

Ndiye ndinati ndinena mawa. Tsiku lililonse ndinkanyamula bukulo popita kuntchito, ndipo tsiku lililonse ndinkabwerera nalo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndinkaudziwa mwambiwo, koma kuudziwa sikunandiyendetse.

Vuyiswa anasiya kulemba. Ankabwerabe naini koloko, kukhala pa benchi yake, kutsegula mabuku ake akale tsamba ndi tsamba. Ana a m'labu anasiya kuseka akalowa. Wina anamuikira maluwa m'botolo la mankhwala, ndipo ine sindinakalipe, chinthu chomwe chinawadabwitsa kuposa nkhani yonseyo.

Sabata yoyamba anandipeza ndikuthira chakudya chotentha m'mbale, nthawi yomwe aliyense amadziwa kuti sandilankhulitsa.

"Anti, mukukumbukira sabata ija yisiti yanga inalola? Munalipo?"

"Ndimakhalapo masabata onse."

"Ndikutanthauza kumapeto kwa sabata."

"Ukundisokoneza. Mbale zichita thovu."

Anaima pang'ono, kenako anachoka.

Sabata yachitatu anandipangira tiyi wa rooibos, m'kapu yanga, ndi shuga wokwanira. Anali asanandipangirepo tiyi.

"Anti, inu mumalemba chilichonse. Ngakhale tsiku lomwe babu lapsa mumalemba. Buku lanu la chaka chimenecho lilipo?"

"Mabuku akale anawasuntha nthawi yomwe ankapenta. Ndiyang'ana."

"Muyang'ane, Anti. Mwina muli kanthu."

"Ndati ndiyang'ana. Kodi ndine mwana wa m'kalasi mwako?"

Ndinakalipa, inde. Munthu wolakwa amakalipa msanga. Tiyi uja ndinamusiya mpaka anazizira, ndipo anali iyeyo amene anadzatsuka kapu.

Pa 13 Novembala anandiperekeza mpaka pokwerera maminibasi, chinthu china chomwe anali asanachitepo, chifukwa ankakhala mbali ina ya tauni. Tinayenda dzuwa likuotcha. Minibasi yanga itadzaza theka, anati:

"Mawa akhala, Anti. Teni koloko."

"Ndikudziwa."

"Ndangoti ndikuuzeni."

Kondakitala anafuula kuti mayi mukwera kapena mukugulitsa malonda, ndipo ndinakwera. Ndinam'thokoza mumtima mnyamatayo chifukwa cha mwano wake.

M'mawa mwake ndinavala diresi langa la kutchalitchi. Kota tu teni ndinanyamula chikwama ndi kuwoloka bwalo kupita ku nyumba ya maofesi. Ndinakwera masitepe onse mpaka pamwamba. Chitseko cha chipinda cha komiti chinali chotseka, ndipo ndinkamva mawu a a Prof mkatimo, otsika, ochonderera. Mlembi wa pakhomo, kamtsikana ka zikhadabo zazitali, anakweza mutu.

"Tikuthandizeni, mayi? Mukufuna ndani?"

Ndinagwira zipi ya chikwama. Ndinamva buku lija ndi zala.

"Ndasochera," ndinatero.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi pa sukulu imeneyo, ndipo ndinauza mwana uja kuti ndasochera. Anandilozera njira yotulukira mwaulemu, ndipo ndinaitsata. Ndinabwerera ku labu, ndinavala khoti loyera pamwamba pa diresi, ndi kuthira mbale mazana awiri zomwe palibe anazipempha.

Kalata inabwera patapita masiku anayi. Komiti inati yamva chisoni, koma palibe umboni woti cholakwa ndi cha labu, ndipo chigamulo n'chomaliza. Pa 28 Novembala panafika ndi kudutsa ngati tsiku lina lililonse. A Prof anadzitsekera mu ofesi. Ine ndinasiya kudya bwino, ndipo mchemwali wanga ankati ndikapimitse shuga.

Sabata yoyamba ya Disembala, ana onse atapita ku tchuthi, Vuyiswa anabwera kudzachotsa zinthu zake. Lamulo ndi loti wophunzira akamachoka, yisiti zake zosafunika zimaphedwa mumphika waukulu wa nthunzi, ndipo mphikawo ndimayendetsa ndine. Ndinam'peza atavala magolovesi, akutulutsa mabokosi m'firiji ndi kukhuthulira machubu m'ndowa yachitsulo. Anali machubu opitirira mazana anayi, chilichonse cholembedwa bwino dzina ndi tsiku, monga ndinam'phunzitsira. Sutikesi yake inali pakhomo.

Sindikudziwa chomwe chinandipatsa mphamvu tsiku limenelo, pamene mphamvuzo zinalibenso ntchito. Mwina n'chifukwa chomwecho. Ndinatulutsa buku, ndinatsegula tsamba lija, ndi kuliika pa benchi pafupi ndi dzanja lake.

"Vuyiswa. Werenga apa."

Sanayang'ane. Anakhuthula bokosi lina.

"Loweruka," anatero. "Inki yakuda. Ine ndimalemba ndi yabuluu, Anti, kuyambira ndili mphunzitsi."

Ndinamuyang'ana. "Unkadziwa?"

"Tsiku lomwelo. Mukuganiza kuti munthu sadziwa mbale yake? Ndinadziwa kuti mwandithandiza, koma ndinkayesa munapanga ndi Juffrou. Ndinavina kuti musangalale." Anavula golovesi imodzi. "Amayi anga ku Cofimvaba amakupemphererani, mukudziwa? Amatchula dzina. Ndinawauza kuti kuno kuli mayi wolusa amene anandibereka kumsana osandiuza."

"Nanga bwanji sunawauze a komiti?"

"Ndiwauze chiyani? Kuti ndinalemba m'buku langa kuti ndapanga ndekha, ndikudziwa kuti si ine? Limenelo ndi bodza la m'buku la ntchito, Anti. Akanandichotsa tsiku lomwelo, ndipo palibe yunivesite ikanandilandiranso. Koma inu mukananena kuti munachita mobisa, ine ndikanakhala munthu wosadziwa kanthu. Pakamwa panga panali pomangidwa. Panatsala panu pokha." Anavula golovesi inayo. "Ndinakufunsani katatu. Kachinayi ndikanakhala ndikupempha, ndipo ndinaona kuti mwamva."

"Tiye kwa a Prof pompano. Ndikanena zonse. Ndikalemba, ndikasaina."

"Anatseka, Anti. Kalata mwaiona. Dzina langa linachoka kale m'kaundula, ndipo chipinda changa alowamo ena mawa."

"Ndikawauzabe."

"Kawauzeni. Zikakuthandizani inuyo."

Ananena mofatsa, ngati akuuza mwana tsamba loti atsegule. Ndikanakonda akanaswa botolo. Ndinamva mkwiyo ukukwera, mkwiyo wanga wa masiku onse, ukufuna pogwera, ndipo panalibe.

"Nditukwane, iwe," ndinatero. "Nena kanthu. Nditchule chomwe ndili."

Apo ndiye anandiyang'ana, koyamba chilowereni m'chipindamo. Maso anali ouma.

"Ndinaphunzitsa ana zaka khumi ndi ziwiri, Anti. Ndimaidziwa nkhope ya munthu amene akufuna chikwapu kuti mtima wake upole. Sindikupatsani."

Anakankha ndowa ija ndi phazi mpaka inandigunda nsapato.

"Mphika wanu umatenga mphindi zingati?"

"Makumi awiri, ukatentha."

"Ndiye yambani. Basi yanga ndi ya folo koloko."

Ndinanyamula ndowa. Inali yolemera, ndipo kuzizira kwa machubu kunkandilowa m'zala. Ndinaiika mumphika, ndinatseka, ndinapotokola chogwirira mpaka pamapeto, ndi kuima pomwepo nthunzi ikulira. Ndinkakonza mawu oti ndikamuuze, ndipo onse ankatuluka opanda pake. Belu litalira ndinabwerera ku labu. Benchi yake inali yopukutidwa bwino, sutikesi panalibe, ndipo sanatsanzike.